Kodi salary cap n'chiyani?

Ambiri akamva mawu akuti salary cap amaganiza kuti ndi malire a malipiro a wosewera mmodzi. Ayi ndithu. Ndi malire a ndalama zonse zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi m'chaka chimodzi. Mawuwa ndi achingerezi: salary ndi malipiro, pomwe cap ndi chivindikiro, monga cha botolo. Mu ligi ya NFL ku America, komwe amasewera mpira wawo wothamanga nawo m'manja uja, lamuloli linayamba mu 1994 pa madola 34.6 miliyoni, ndipo pofika 2024 malirewo anali pa 255.4 miliyoni.

Choncho mnzanu akamadandaula kuti timu yake yalola katswiri kupita itangotenga chikho, musafulumire kunena kuti mabwana ndi aumbombo. Kawirikawiri vuto ndi chivindikirochi. Timu ya Seattle Seahawks inapambana chikho cha NFL cha Super Bowl mu 2014 pamene wosewera wake Russell Wilson ankalandira madola osafika miliyoni imodzi pachaka pa kontrakiti yake yoyamba, motero zotsala zinakwanira akatswiri ena ambiri. Mu 2015 anasaina ina ya madola 87.6 miliyoni, gawo la anzake n'kuchepa. N'chifukwa chake mwayi woti timu itenge chikho sukhalitsa: makontrakiti otchipa akangotha, gulu limayamba kubalalika.

Ena amati malirewa ndi a dzina chabe, poti matimu amagawa bonasi ya wosewera m'mabuku awo pa zaka mpaka zisanu. Zoona, koma imeneyo ndi ngongole basi. Wosewerayo akachoka msanga, ndalama yotsalayo imawerengedwabe pa malire a timuyo, ngakhale iye akusewerera ena.