Cilango ndi Kubwezera ku Livingstone

Kale, Azungu asanamange mzinda pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, anthu a mfumu Mukuni ndi anansi ao a Citonga anali nao maweruzo ao. Munthu akapha mnzace, mlandu unali wa mbumba yonse, ndipo kawirikawiri unatha polipa ng'ombe kwa abale a wakufayo. Akulu anati mlandu suola; comweco anafulumira kuukamba, kuti mabanja awiriwo adyerenso pamodzi.

M'caka ca 1907 Boma la Kampani ya British South Africa linacoka ku Kalomo ndi kudza ku Livingstone, ndipo kuyambira 1911 kufikira 1935 mzindawu unali likulu la Northern Rhodesia. Bwalo Lalikulu la milandu linakhala pomwepo. Linadza ndi ciphunzitso cina: wakupha mnzace wacimwira Boma, ndipo mlandu uli pa iye yekha. Zilango zace zinali faindi, cikoti, ndende ndi cingwe.

Ciphunzitso ici cinali ndi mizu yace ku Ulaya, kumene anzeru anatsutsana. Immanuel Kant wa ku Germany anaphunzitsa kuti wocimwa alangidwe cifukwa wacimwa basi, ndi kuti cilango cilingane ndi coipa cace. Uku ndiko kubwezera. Jeremy Bentham wa ku England anati cilango ciri conse ndi coipa, cololeka pokhapo pamene ciopseza ena kuti asalakwe. Onse awiri anayang'ana wolakwa. Koma akulu a kumudzi anayamba ayang'ana wolakwiridwa. Munthu atanyongedwa, mkazi wamasiye sanalandire ngakhale mbuzi, ndipo kwa anthu a kumudzi mlandu wotere unali usanathe.

Lamulo la 1929 linabvomereza mabwalo a mafumu, koma milandu ya kupha inatsala m'manja mwa Bwalo Lalikulu. Pambuyo pace kunadza ganizo lacitatu, lakuti wolakwa akonzedwe. Ndilo linamanga sukulu ya Katombora, kumadzulo kwa Livingstone, kumene anyamata olakwa aphunzitsidwa nchito za manja.

Ufulu wa 1964 sunacotse cikoti kapena cingwe. Bwalo Lalikulu linaweruza m'caka ca 1999 kuti kukwapula munthu kutsutsana ndi malamulo akulu a dziko. Anthu otsiriza ananyongedwa mu 1997, ndipo mu December 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lothetsa cilango ca imfa.

Cingwe capita, koma funso la makolo likalipo. Kubwezera kuli ndi coonadi cace, pakuti kuletsa kulanga wosacimwa, ndi kulanga munthu kopitirira mlandu wace. Koma wakupha akalowa m'ndende zaka zambiri, ana a wophedwayo adzadyetsedwa ndi yani?