MALO OPANDA KANTHU: MBIRI YA NTHAKA YA M'MAKOMBONI A LUSAKA

Lero tikambe za mkangano umene suzirala m'makomboni a Lusaka. Pakati pa nyumba pamakhala bwalo pamene anyamata amachaya mpira, amai amayanika zobvala, ndipo maliro akagwa anthu amasonkhana pomwepo. Tsiku lina anthu adzuka m'mamawa napeza zikhomo zokhomedwa pansi, namva kuti malowo apatsidwa kwa munthu wa cuma kuti amangepo masitolo. Pomwepo komboni igawika pawiri. Ena ati, "Msiyeni amange, ana athu apezepo nchito, udzu sitidya." Ena ati, "Nanga adzukulu athu adzasewera kuti, ndipo madzi a mvula adzapita kuti?" Onsewo anena zoona. Koma kuti tiweruze bwino mlanduwu tiyenera kubwerera m'mbuyo, pakuti mau akuti "malo opanda kanthu" ali ndi mbiri yace yaitali m'mzinda uno.

NJANJI NDI MZINDA WA MALUWA

Njanji isanafike, dziko lino linali la Asoli ndi Alenje. Mudzi wa mfumu Lusaaka unali pafupi ndi kacitunda kamene tikacha Manda Hill, ndipo dzinalo likumbutsa manda a anthu akale. M'caka ca 1905 omanga njanji anaikapo poima sitima, nacha malowo dzina la mfumuyo. Azungu a mafamu anatsatira, ndipo pa 1913 panakhala kabungwe koyang'anira kamudzi ka Azunguwo. M'caka ca 1928 boma la Angerezi linagawa dziko: nthaka ya m'mbali mwa njanji inachedwa Crown Land, ndiye kuti ya Mfumu ya ku England, ndipo eni dziko anauzidwa kuti kwao ndi kumalo opatulidwa ochedwa Native Reserves. Minda, msipu ndi manda zinalembedwa pa mapu ngati thengo lopanda mwini. Kumeneko ndiko kuyamba kwa mau aja.

Pa 1931 boma linasankha Lusaka kuti akhale likulu m'malo mwa Livingstone, ndipo Professor Stanley Adshead wa ku London analemba maganizo ace a kamangidwe ka mzinda. Anafuna mzinda wa maluwa, wa miseu yotakata ndi mitengo, ndi mayadi akulu. Likulu linasamuka pa 1935. Koma mzinda wokongolawo sunayesedwe pa msinkhu wa munthu wakuda. Iye anawerengedwa mlendo wodzagwira nchito, woyenda ndi citupa, woyenera kubwerera kumudzi nchito ikatha. Nyumba zimene anammangira zinali tizipinda tozungulira tofolera ndi udzu. Amene afuna kuona ndi maso ace apite ku Kabwata, kumene nyumba zotere 43 zinasungidwa, ndipo lero osema ziboliboli agulitsiramo nchito zao.

MAINA A MAKOMBONI

Anthu anacuruka kuposa nyumba. Tsono eni mafamu ozungulira mzinda anazindikira kuti kukhometsa lendi kupindulitsa koposa kulima cimanga. Munthu analipira ndalama pang'ono mwezi ndi mwezi, naloledwa kuimika kanyumba ka zidina pa famu ya Mzungu. Makampani omanga nyumba ndi oocha njerwa naonso anasunga anchito ao m'misasa, ndipo nchito itatha anthu sanacoke. Cifukwa cace makomboni ambiri ali ndi maina a alendo kufikira lero. George ndi dzina la mwini malo. John Laing ndi dzina la kampani yomanga. Marrapodi anali Mtaliyana woocha njereza ndi njerwa. Chawama poyamba anachedwa Roberts, ndipo dzina latsopanoli analipereka ndi anthu okhalamo. Popeza malowa anali kunja kwa malire a tauni, Khonsolo sinaikemo mpopi kapena ngalande.

Lamulo la 1948 lonena za nyumba za anthu akuda m'matauni linabvomereza kuti mwamuna akhale ndi mkazi wace ndi ana m'tauni. Pambuyo pace panamangidwa Matero ndi Chilenje watsopano, nyumba za njerwa m'mizere yoongoka, ndi malo osiyidwa dala a sukulu, msika ndi bwalo la masewera. M'nyumba zimenezi ndimo munakulira ndale za ufulu: nyumba 3144 ku Matero inali ofesi ya UNIP, ndipo Kenneth Kaunda anakhala m'nyumba 394 ku Chilenje kuyambira 1960 kufikira 1962. Koma nyumba za Khonsolo zinali za anthu olembedwa nchito. Wosoka zobvala, woocha makala ndi mai wofulula mowa anayenera kudzifunira okha pokhala, ku Kanyama kapena ku Kalingalinga.

UFULU NDI KHAMU LA ANTHU

Ufulu utafika pa 1964 citupa cinatha, ndipo anthu anakhamukira ku likulu. Pa 1963 Lusaka anali ndi anthu monga 123,000. Pofika 1969 anapitirira 260,000. Boma linayamba ndi maganizo akugwetsa ndi kusamutsa. Pa 1967 linatsegula malo ku Chainama Hills, napima mapuloti, kuti anthu a ku Kalingalinga asamukireko ndi kudzimangira okha. Ambiri anakana. Ena anaopa kutalikira nchito zao, ndiponso ndale zinalowapo, pakuti Kalingalinga anadziwika monga kwao kwa otsata African National Congress ya Harry Nkumbula. Mapulotiwo anatengedwa ndi anthu ena, ndipo malowo ndiwo Mtendere wa lero. Kalingalinga anakhalabe pamalo pace, ndipo patapita zaka, m'ma 1980, anakonzedwa ndi thandizo la dziko la Germany. Phunziro lace nali: anthu osafunsidwa sasunthika, ngakhale cimene muwapatsa cikhale cabwino.

Pa 1970 malire a mzinda anafutukuka kucokera pa makilomita 93 kufika pa 360 m'bwalo lace lonse, ndipo makomboni aja analowa m'kati. Pa 1974 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lolola kuti komboni ibvomerezedwe, ndi kuti mwini nyumba alandire cikalata cokhalira pamalopo zaka 30. Caka comweco inayamba nchito yaikulu yokonza makomboni ndi ngongole ya World Bank, ku Chawama, George, Garden, Chaisa ndi Chipata.

Apa ndipo pali cinthu coyenera kukumbukika. Mseu suboola komboni popanda kugwetsa nyumba ya munthu. Tsono akulu a nchitoyo sanajambule miseu ali muofesi. M'cigawo ciri conse munasankhidwa kagulu ka anthu a pomwepo, atsogoleri a cipani ndi akulu ena, amene anayenda pansi pamodzi ndi opima malo, naloza podutsa mseu, poika mpopi, ndi pomanga sukulu, cipatala kapena msika. Amene nyumba yace inagwa anapatsidwa puloti pamalo atsopano pafupi ndi komboni yomweyo. Nchitoyo inali ndi zolephera zace, makamaka pa kubweza ngongole, koma mabanja ambiri anasamuka popanda nkhondo, cifukwa anafunsidwa. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo mudziwe ici: mabwalo ena amene lero achedwa opanda kanthu ndi omwe makolo anawapatula masiku amenewo ndi colinga.

NTHAKA IKHALA NDI MTENGO, NIUTAYA, NIUPEZANSO

Pa 30 June 1975 Pulezidenti Kaunda analankhula kwa akulu a UNIP, atakwiya ndi anthu ogulitsa tizidutswa ta malo osamangidwa m'kati mwa Lusaka pa mitengo yoopsa. Lamulo la caka cimeneco linathetsa umwini wa muyaya: eni mafamu ndi mapuloti anasanduka obwereka kwa Pulezidenti kwa zaka 100, ndipo nthaka yopanda nyumba kapena cina comangidwapo inayesedwa yopanda mtengo. Munthu anakhoza kugulitsa nyumba yace, koma osati dothi.

Zaka 20 zitapita, boma la Frederick Chiluba linatembenuza zimenezi ndi lamulo la malo la 1995. Nthaka yonse inakhalabe m'dzina la Pulezidenti, koma inaloledwa kukhalanso ndi mtengo pa msika. Pa 1996 nyumba za Khonsolo zinayamba kugulitsidwa kwa okhalamo. Ambiri anakondwa kukhala eni nyumba, koma Khonsolo inataya lendi imene inali kuithandiza, niyamba kuyang'ana malo osamangidwa monga nkhokwe. Pa 1999 masitolo akulu a Manda Hill anatsegulidwa. Msika wa Luburma ku Kamwala unabwerekedwa kwa kampani ya ku China kwa zaka 65, ndipo amalonda ang'onoang'ono anadandaula kuti lendi ya mashopu atsopano yawakulira. Ngakhale University of Zambia, mnansi wa Kalingalinga, inabwereketsa mbali ya malo ace, pamene pali East Park Mall tsopano.

Sitinganene kuti zonsezi nzoipa. Anyamata ndi asungwana ambiri a ku Kalingalinga ndi Mtendere adya cifukwa ca masitolo amenewa. Coipa ndi njira imene malo ambiri anatayikira: mwakacetecete, usiku, ndi makada a zipani akupima mapuloti ndi mapazi. Pa 2011 boma linaimitsa Khonsolo ya Lusaka cifukwa ca kagawidwe ka mapuloti ku Lilayi, ndipo pa 2020 linaimitsanso ya Lusaka pamodzi ndi ya Kitwe pa milandu ya malo. Inu a kumigodi nkhaniyi muidziwa, pakuti munaona zimene zinagwera mabwalo a masewera m'makomboni a migodi ZCCM itagulitsidwa.

MADZI SAIWALA NJIRA

Mlandu waukulu koposa ndi wa nkhalango ya kum'mawa kwa mzinda, yochedwa Forest Reserve 27, kumene kucokera mtsinje wa Chalimbana. Inapatulidwa pa 1957. Pa 1983 inacotsedwa m'buku la nkhalango zosungidwa, koma anthu a m'mbali mwa Chalimbana, poona madzi akucepa, analemba madandaulo ao nasainira ambiri, ndipo pa 1996 inabwezedwa. Kuyambira 2017 kufikira 2019 mbali zina zinadulidwanso kuti pamangidwe nyumba, ndipo zinamveka kuti ena olandira mapuloti anali akulu a boma. Mfumu yaikulu ya Asoli, Mai Nkomeshya Mukamambo II, inatsutsa, ndipo nkhaniyo inafika kumakhoti.

Wokhala ku Kanyama angafunse kuti nkhalango ya kutali imkhudza bwanji. Yankho liri pansi pa mapazi ace. Lusaka akhala pa thanthwe la njereza lokhala ndi mapanga ndi ming'alu. Mvula ikagwa pa malo osamangidwa imalowa pansi, ndipo gawo lalikulu la madzi amene mzinda umamwa licokera m'zitsime zokumbidwa m'thanthwe limeneli. Otsala acokera ku Kafue. Mukaphimba dambo ndi simenti, madzi salowa pansi, afuna njira yao m'nyumba za anthu. Kanyama ndi wa pansi ndi wathyathyathya. Cigumula ca 1978 cinagwetsa nyumba zambiri kumeneko, ndipo dzinja liri lonse madzi amasakanizika ndi zimbudzi. Kolera wa 2017 ndi 2018, ndi wa 2023 ndi 2024, anakantha kwambiri makomboni omwewa. Cotero bwalo looneka lopanda nchito m'cirimwe lingakhale likugwira nchito yaikulu m'dzinja.

ZOYENERA KUFUNSA

Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2,200,000 m'boma la Lusaka, ndipo ocuruka mwa iwo akhala m'makomboni. Malo sadzaonjezeka. Lamulo la 2015 la kakonzedwe ka mizinda ndi zigawo, limene linalowa m'malo mwa malamulo akale a 1962 ndi 1974, lifuna kuti anthu amvedwe pokonza mapulani a malo ao, ndipo wofuna kusintha nchito ya malo ayenera kupempha cilolezo, pempholo nilengezedwa kuti otsutsa anene mau ao.

Tsono zikhomo zikaoneka pabwalo lanu, musayambe ndi miyala, ndiponso musakhale cete. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pitani kwa khansala wanu ndi ku komiti ya citukuko ya wadi yanu. Funsani kuti malowo analembedwa nchito yanji pa mapu a Khonsolo, analoleza kusintha ndani, ndipo cidziwitso cinaikidwa liti. Funsani kumene madzi adzapita. Funsani ngati omangawo adzasiya mbali ya ana, ndi ngati amai ogulitsa tomato adzapeza pokhala. Lembani mau anu pa pepala, musainire ambiri, monga anacitira anthu a ku Chalimbana. Mwina mudzabvomera kuti masitolo amangidwe, ndipo si cimo ai; koma kubvomerako kukhale kwanu, mutadziwa cimene mutaya ndi cimene mulandira. Sitolo ikagwa ina imangidwa, koma bwalo likapita lapita. Madzi akatayika saoleka.