Wosamva ndi Wosamvera Ndi Ana Awiri

M'makomboni a ku Selous, pamsewu waukulu wochoka ku Harare kupita ku Chegutu ndi Kadoma, mukadali zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa chawo pa zinenero 16 zovomerezeka, pamodzi ndi chinenero chamanja. Boma linachita mbali yake. Kusamala mawu pakamwa ndi udindo wa eni akefe. Ndipo mawu ofunika kuwawongola msanga ndi akuti "wosamva".

Makolo anasiyanitsa bwino. Kumva ndi ntchito ya khutu. Kumvetsera ndi kutchera khutulo, kumvetsa ndi kugwira tanthauzo, pomwe kumvera ndi kuchita zimene wauzidwa. Ife tinazithira m'poto mmodzi: mwana akaitanidwa osatembenuka, timangoti ndi wosamva, nkhutukumve, kenako mbama ya pakhutu. Anansi athu Achishona nawo akati "haanzwi" amatanthauza zonse ziwiri, choncho mwana wa ku Selous amaweruzidwa m'zinenero ziwiri.

Komatu alipo ana obadwa ndi khutu limodzi losagwira ntchito. Mkatikati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, ndipo mtsempha wonyamula mawu kupita ku ubongo umatulukamo kudzera m'kanjira ka m'fupa kotambalala pafupifupi mamilimita 2. Kwa ana ena kanjirako kamakhala kopanikizika, kosafika mamilimita 1.5, ndipo kawirikawiri mtsemphawo umakhala wowonda kapena kulibiretu. Kunja khutu limaoneka labwinobwino. Nthawi zambiri mwana amayankhula pa nthawi yake chifukwa khutu linalo likumva, motero vutoli limatha kubisala mpaka ayambe sukulu. Chomuvuta ndi kudziwa kumene mawu akuchokera, komanso kumva munthu paphokoso.

Mwana wotere si gonthi, poti akumva. Ndiponso dzina lotchula munthu ndi chilema chake limanyoza. Tisamanenenso kuti "khutu lake ndi lotsekeka". Mawu amenewa amatuma agogo kukatenga nthenga, kamtengo ka machesi kapena mafuta oti adonthezemo, chikhalirecho vuto lili m'fupa, kumene chala sichifika. Limaoneka pa makina a CT ndi MRI okha, amene banja la ku Selous lingawapeze ku Harare.

Tizinena chimene chilipo: "Amamva ndi khutu limodzi, lakumanzere silimva chibadwire." Chiganizo chimenechi chimagwira ntchito. Namwino wa ku Chegutu akachimva adziwa kuti si mafinya, atumiza mwana kokapimidwa. Mphunzitsi amukhazika kutsogolo, khutu labwino litaloza kwa iye. Mayi amuphunzitsa kuyang'ana mbali zonse asanawoloke msewu wa malole uja, popeza sangadalire khutu kumuuza kumene galimoto ikuchokera. Bambo sazengereza khutu labwinolo likayamba kupweteka, poti ndi lokhalo.

Wakutsina khutu ndi mnansi, inde, koma yambani mwadziwa ngati khutulo limamva. Mwana wamwano tizimutcha wosamvera. Mawu akuti kusamva tiwasiyire khutu, ndipo tikawatchula tizinena kuti ndi khutu liti.