Mtsinje wa Shire, Njanji ndi Matauni

Msewu woyamba unali madzi

Njanji ndi misewu ya tala zisanabwere, msewu waukulu wa kummwera kwa dziko la Malawi unali mtsinje wa Shire. Amang'anja ankapalasa mabwato, atanyamula mchere, nsomba ndi thonje.

Mu 1859 David Livingstone anakwera mtsinjewu pa sitima yoyendera nthunzi. Anakaima pa mathithi a Kapichira, kumtunda kwa Chikwawa. Kuyambira pamenepo mpaka ku Matope, madzi amagwa ndi kuthamanga pamiyala. Palibe sitima yomwe ingadutse.

Amtengatenga

Mathithiwa ndiwo anasankha malo a madoko. Sitima zochokera ku Chinde, kumathiriro a Zambezi, zinkatsitsa katundu kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa. Apa mpamene ntchito ya amtengatenga inkayambira.

Munthu mmodzi ankasenza mtolo wa makilogalamu pafupifupi 25. Ankaika nkhata pamutu, nkuyamba kukwera phiri kulowera ku Blantyre, wopanda nsapato. Nsalu, mchere, malata, ngakhale zitsulo za sitima zinkakwera phirilo pamitu ya anthu. Azungu ena ankakwera atagona m'machila. Katundu wopita kunyanja ya Malawi ankatsikanso naye mpaka ku Matope, kumene sitima ina inkadikira.

Ambiri sankaikonda ntchitoyi. Chinkawatulutsa m'mudzi ndi msonkho wa nyumba. Nthawi ya dzinja, mwamuna akakhala pa ulendo, munda unkatsalira mkazi ndi ana.

Sitima nazo zinali ndi njala yake. Zinkadya nkhuni, ndipo m'malo amene zinkaima, mitengo ya m'mbali mwa mtsinje inkagwa ndi nkhwangwa tsiku ndi tsiku.

Madzi atachepa

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, madzi a m'nyanja ya Malawi anatsika kwambiri. Shire anaphwa, mchenga unaonekera, sitima nkumatitimira. Doko linasamukira kumunsi, ku Chiromo, kenaka ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje. Pofika 1915 madzi anali atatsala pang'ono kulekeratu kutuluka m'nyanja, ndipo zinakhala choncho kwa zaka pafupifupi 20.

Eni minda ya khofi, fodya ndi thonje anaona kuti mtsinje sungadalirike. Anafuna njanji.

Njanji ikwera phiri

Njanji yochokera ku Port Herald inafika ku Blantyre mu 1908. Inaoloka Shire pa Chiromo, nkutsata mtsinje wa Ruo, kukwera mpaka ku Luchenza ndi Limbe. Anthu anagwetsa mitengo, kukumba zitunda ndi kukwirira zigwa ndi makasu ndi mapiki.

Kumene sitima ya pamtunda inkaima, anthu ankasonkhana. Amwenye anatsegula masitolo, amayi nkubwera ndi nthochi ndi mizimbe. Limbe inakula motero. Kampani ya Imperial Tobacco inamanga fakitale ya fodya kumeneko, ndipo likulu la njanji linakhalanso komweko. Mu 1956 Limbe inaphatikizidwa ndi Blantyre. Koma doko la kwa Katunga, lomwe njanji inalilambalala, linazilala.

Mlatho wa pa Zambezi

Mu 1915 njanji inafika ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi. Mu 1922 njanji ina yochokera ku Beira inafika tsidya linalo. Pakati panatsala mtsinje. Katundu ankamutsitsa m'sitima, kumuolotsa pamadzi, nkumukwezanso.

Mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, unatsegulidwa mu 1935. Chaka chomwecho njanji inafika ku Salima kudzera ku Balaka. Zonsezi sizinali zaulere. Ngongole ya njanji ndi mlathowu inalemera boma la Nyasaland kwa zaka zambiri, ndipo ndalama zomwe zikanamanga misewu ya kumidzi ndi sukulu zinkathera kumeneko.

Ufulu utabwera

Mu 1970 njanji yatsopano inachoka pa Nkaya, kudutsa Liwonde ndi Nayuchi, kulowera ku doko la Nacala. Ina inachoka ku Salima kufika ku Lilongwe mu 1979, kenaka ku Mchinji.

Njanji yakale ya kummwera inaona mavuto. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira, ndipo mlatho wa Dona Ana unaonongeka. Mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji pafupi ndi Chiromo, nkudzitsegulira njira yatsopano. Sitima inaleka kufika ku Bangula ndi Nsanje kuchokera ku Limbe. Anthu a ku Makhanga ofuna kupita ku Bangula anayamba kulipira eni mabwato kuti awaolotse, pamodzi ndi njinga ndi matumba awo a chimanga.