Kadamsana wa dzuwa: mmene amaonekera pansi pano ndi m'mlengalenga

Lachinayi pa 21 Juni 2001, masana dzuwa litapendeka, kunja kunayamba kuda ngati madzulo. Akuluakulu ambiri a m'boma la Chifunde, kuyambira ku Mualadzi mpaka ku malire a Cassacatiza, amalikumbukira tsikuli, chifukwa inali nyengo yokolola ndipo anthu ambiri linawapeza ali kumunda. Ameneyu anali kadamsana wa dzuwa.

Kadamsana n'chiyani?

Kadamsana wa dzuwa amachitika mwezi ukadutsa pakati pa dzuwa ndi dziko lapansi, n'kuponya chithunzithunzi chake padziko. Dzuwa ndi lalikulu kuposa mwezi pafupifupi ka 400, komanso lili kutali ka 400 kuposa mwezi: mwezi uli pa makilomita 384,000 pomwe dzuwa lili pa makilomita 150 miliyoni. N'chifukwa chake ziwirizi zimaoneka zofanana kukula, ndipo mwezi umatha kuphimba dzuwa lonse. Izi zimatheka pokhapokha mwezi uli kumdima, usanakhale. Sizichitika mwezi uliwonse chifukwa njira ya mwezi ndi yopendekera pang'ono, choncho nthawi zambiri chithunzithunzicho chimaphonya dziko.

Njira ya mdima mu 2001

Mdima wathunthu sugwa paliponse. Umayenda m'kanjira kopapatiza. Mu 2001 unalowera ku Angola, n'kudutsa Zambia, kumpoto kwa Zimbabwe, Mozambique mpaka ku Madagascar. Ku Lusaka dzuwa linabisika lonse kwa mphindi zitatu ndi kanthu itangokwana 3 koloko masana. Kuno m'chigawo cha Tete mdimawo unadutsa ku Zumbo. Chifunde inali kumpoto kwa njirayo, motero dzuwa linaphimbika mbali yaikulu koma kachidutswa kanatsala, kooneka ngati chikwakwa.

Amene ali m'kati mwa njirayo amaona zachilendo. Kumazizira, nyenyezi zowala kwambiri zimatuluka, nkhuku zimalowera kukhola ndipo mbalame zimakhala chete. Kuzungulira mwezi wakudawo kumaoneka kuwala koyera, komwe ndi mpweya wotentha wa kunja kwa dzuwa umene suoneka masiku onse.

Oyang'ana ali kumwamba

Akatswiri okhala mu chombo cha International Space Station, chomwe chimazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400, amatha kuyang'ana pansi n'kuona banga lakuda likuyenda pamwamba pa mitambo, nyanja ndi mtunda, pa liwiro loposa makilomita 1,600 pa ola. Pa 11 Ogasiti 1999 a m'chombo cha Mir anajambula banga lotere ku Ulaya, ndipo pa 29 Malichi 2006 a mu International Space Station analijambula pafupi ndi Turkey. Zithunzizi zimaonetsa poyera kuti dzuwa silizima: kumadera ozungulira bangalo kumakhala kukuwala, ndi okhawo amene bangalo lawapeza amene ali mumdima.

Tetezani maso

Kadamsana saononga mbewu, sadwalitsa ziweto, saipitsa madzi kapena chakudya, ndipo savulaza mayi woyembekezera. Choopsa ndi chimodzi: kuyang'ana dzuwa. Ngakhale katatsala kachidutswa kochepa, kuwalako kumatha kupsereza m'kati mwa diso munthu osamva kupweteka. Amadzazindikira patapita maola kuti sakuona bwino, ndipo ena sachira. Ana oweta ng'ombe ndi mbuzi ndiwo ali pachiopsezo chifukwa amakhala okha kutchire, choncho makolo awachenjeze tsiku lisanafike.

Magalasi wamba a dzuwa, galasi lodetsedwa ndi utsi, kapena kuyang'ana m'madzi a m'beseni, zonsezi siziteteza maso. Pamafunika magalasi opangidwira kadamsana, olembedwa ISO 12312-2. Ngati mulibe, boolani kabowo kakang'ono papepala lolimba, fulatirani dzuwa, ndipo kuwala kodutsa pakabowoko kugwere pansi kapena papepala lina. Mudzaona chithunzi cha dzuwa lodyeka. Pansi pa mtengo wa masamba, monga wa mango, timabanga ta kuwala timasanduka tizikwakwa tambirimbiri.

Wotsatira adzabwera liti?

Pa 4 Disembala 2002 mdima wathunthu unadutsanso m'dziko lino, m'chigawo cha Gaza. Wina akuyembekezeka Lolemba pa 25 Novembala 2030 m'mawa, ndipo adzadutsa Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho. Kuno ku Tete dzuwa lidzangodyeka mbali imodzi, kotero sipadzakhala mphindi ngakhale imodzi yoti munthu aliyang'ane popanda choteteza. Idzakhala nyengo yodzala. Ntchito ya kumunda idzapitirire monga mwa masiku onse, maso ali pa khasu.