Mbiri ya mankhwala azitsamba a nkhuku kuno kwa Simlemba

Aphunzitsi anzanga ndi ana anga akale a sukulu, lero tikambeko mbiri ya m'khola la nkhuku. Kuno kwa Simlemba nkhuku ndi banki ya munthu wosauka. Ndalama za fodya zikatha, tambala ndi amene amagula makope ndi sopo. N'chifukwa chake mwezi wa Seputembala ukafika, kunja kukayamba kutentha, amayi ambiri amagona ndi nkhawa ya chitopa, chimene ena amati chideru.

Nkhuku ikayamba kuwodzera, makolo athu ankasinja tsabola, makungwa a muwawani kapena madzi owawa a alovera n'kuthira m'madzi akumwa. Ena ankaviika masamba a nimu. Pofuna kuthana ndi utitiri, ankawaza phulusa m'khola ndi kuika masamba ouma a fodya m'chisa cha thadzi lokhalira mazira.

Chimene ambiri sitiganizira n'chakuti zina mwa zitsamba zimenezi si zobadwira kuno. Tsabola ndi fodya kwawo ndi ku America, ndipo zinafika mu Africa ndi amalonda a Chipwitikizi kuyambira zaka za m'ma 1500. Nimu kwawo ndi ku India. Choncho makolo athu sanali anthu okana zachilendo. Ankatenga chimene chabwera, n'kuchiyesa, chikathandiza n'kuchisunga.

Pa nkhani ya utitiri sanaphonye. M'fodya muli poizoni wotchedwa nicotine amene amapha tizilombo, ndipo alimi a ku America nawonso ankapaka mankhwala ochokera ku fodya pa mitengo yogonapo nkhuku. Phulusa nalo limaumitsa tizilombo tobisala m'nthenga.

Koma chitopa ndi nkhani ina. Matendawa anadziwika koyamba mu 1926 pa chilumba cha Java ndiponso mu mzinda wa Newcastle ku England, kumene dzina lake la Chingerezi linachokera. Amayamba ndi kachirombo ka vayirasi, ndipo palibe chitsamba kapena kapisozi amene amachiza nkhuku yodwala kale. Ikapulumuka imodzi, tsabola ndi amene ankatamandidwa, pamene nkhukuyo yachira ndi mphamvu za thupi lake. Zinzake zonse zinkathera kudzala kapena mumphika.

Nalo boma linayesa mbali yake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 linkagawa nkhuku zakuda za mtundu wa Black Australorp kuchokera ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, kuti mbewu ya nkhuku zakumudzi ikule. Koma za mikolongwe nazo chitopa sichinazisiye.

Kusintha kwenikweni kunadza ndi katemera wa I-2, amene anapangidwa ku yunivesite ya Queensland ku Australia. Katemerayu amapirirako kutentha, motero amatha kufika kumudzi kopanda firiji. M'zaka za m'ma 2000 anayamba kupangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Kadontho kamodzi m'diso la nkhuku, miyezi inayi iliyonse, n'kokwanira, malinga nkhukuyo isanadwale.

Ndiye amene amati katemera akuphwanya mwambo sanawerenge bwino mbiri. Agogo amene analandira tsabola wa ku America ndi nimu wa ku India sakanakana kadontho kameneka. Fodya ndi phulusa tizisunge za utitiri, koma za chitopa funsani alangizi a ziweto mwezi wa Julayi, mphepo yotentha isanayambe.