Wanchito wa Pamseu Amene Anatsogolera Norway

Nkhondo ya Hitler itatha mu 1945, dziko la Norway linali losauka, midzi yace ya kumpoto itatenthedwa ndi Ajeremani. Einar Gerhardsen, amene kale anali wanchito wa pamseu, anakhala Nduna Yaikuru. Erik Brofoss anasunga cuma, ndipo kuyambira 1946 Halvard Lange anayang'anira za maiko akunja. Boma lao linamanganso dziko ndi cithandizo ca America.

Wothandizidwa anasanduka wothandiza. Mu 1952 Norway inayamba kuthandiza India, ndipo patapita zaka ndarama zace zinafika kwa Akunda a ku Luangwa, kumene kuli mudzi wa Kawaza, kulipira nchito yosunga nyama yochedwa LIRDP. Mu 1996 nchitoyo inapereka gawo lalikuru la ndarama za osaka nyama kwa eni midzi, kuti agawane kapena amangire masukulu ndi zitsime.